Galimoto yolowa m'madzi: kuchokera ku Normandy kufika ku Livunzu

Mukadzapeza Land Rover yakale, mwa zija zinkayenda ndi nambala ya MG kapena za ku mishoni, mudzagone chagada pansi pake n'kuyang'ana pamene injini yalumikizana ndi giyabokosi. Pali kabowo kotulukira oyilo wodontha, ndipo pambali pake, ngati amakaniko sanataye, pamakhala kabawuti komangidwa pa kachitsulo, kongokhala. Kabawuti kameneko kankadikira tsiku lowoloka mtsinje. Dalaivala ankakamasula n'kutseka nako kabowo kaja kuti madzi ndi matope zisalowe mu kilatchi, ndipo akafika tsidya linalo ankakachotsanso. Anyamata ambiri amene akuyendetsa ma Land Cruiser a mabungwe lero sanakaonepo. Ine ndinakadziwa ndikugwira masipanala pa galaja ina ku Nchalo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo anandionetsa ndi mdala wina amene pa unyamata wake anayendetsa galimoto za asilikali ku Burma.

Luso lokonzekeretsa galimoto kulowa m'madzi linabadwira ku nkhondo. Mu August 1942, pamene asilikali a Canada ndi Britain anayesa kulowa pa doko la Dieppe ku France, akasinja awo a mtundu wa Churchill anatsika m'zombo ali ndi mapaipi aatali a utsi oloza kumwamba. Pa nkhondo ya tsiku limenelo anagonja moipa, koma funso linatsala m'mitu ya akuluakulu: chombo sichingafike pouma, nanga galimoto idutsa bwanji kamtunda ka madzi kotsalako? Pa gombe la Instow ku Devon anayamba kumiza malole ndi ma Jeep m'nyanja n'kumaona pamene madzi alowera. Pofika pa 6 June 1944, tsiku lolowa ku Normandy, amakaniko a gulu la asilikali a Britain la REME ndi anzawo a ku America anali atamata galimoto zikwizikwi ndi phala lolimba losakaniza ndi asbestos, kumata mapulagi, mawaya ndi kabuleta, n'kulumikiza paipi yoti injini izipumira m'mwamba. Galimoto ikangotuluka m'nyanja ankaiimika pamalo ena kuti amatule zina mwa zomatazo, chifukwa injini yotsekedwa ponseponse imatentha msanga.

Komabe nyanja ya ku Normandy inali yodziwika. Nthawi imene madzi amakwera ndi kutsika inali yolembedwa, mchenga wa pansi anali ataufufuza, ndipo mtunda wake unali waufupi. Anthu a kwathu anaphunzira kwina. Chaka chomwecho cha 1944, asilikali a KAR ochokera ku Nyasaland anali m'gulu la 11th East African Division limene linatsika chigwa cha Kabaw ku Burma mvula ya kumeneko ili pakati, mpaka kukawoloka mtsinje wa Chindwin chakumapeto kwa chaka. Kumeneko kunalibe buku lonena kuti mtsinje udzaza liti. Mdala wathu uja sankakonda kukamba za mfuti, koma za matope a ku Kabaw ankatha kukamba mpaka tiyi kuzizira. Anthu ngati iyeyo atabwerako, ambiri analowa ntchito ya udalaivala m'boma, m'maesiteti ndi kwa amwenye, ndipo ndiwo anaphunzitsa m'badwo wotsatira.

Land Rover inawatsatira posakhalitsa. Maurice Wilks wa kampani ya Rover anali ndi Jeep yotsala ku nkhondo pa munda wake ku Anglesey, ndipo anaganiza zopanga yakeyake. Land Rover inaonetsedwa koyamba ku Amsterdam mu April 1948, thupi lake lili la aluminiyamu chifukwa chitsulo chinali chosowa ku Britain. Kuno inafika ndi a DC, apolisi, alangizi a zaulimi ndi ansembe, ndipo kwa anthu ambiri a m'midzi ndiyo inali galimoto yoyamba kuiona pakhomo.

Amene sanakhaleko ku Chigwa cha Shire samvetsa kuti vuto silinali Shire mwiniwake. Pa Chikwawa, mlatho wa Kamuzu usanamangidwe, pankawolokedwa ndi pantoni, ndipo pantoni amangofuna kupirira pa mzere. Yovuta inali mitsinje ing'onoing'ono yotsika m'mapiri. Mbali ya kum'mawa, pa msewu wochoka pa Thabwa kupita ku Muona ndi ku Fatima, pali Mwamphanzi, Nkhate, Livunzu ndi ina yochokera ku mapiri a Thyolo. Mbali ya kumadzulo kuli Mwanza, Nkombezi wa Fodya ndi Lalanje. Miyezi yambiri pa chaka mitsinje imeneyi ndi mchenga wokhawokha, ana amaseweramo mpira. Koma mvula ikagwa kumtunda, iwe uli pansi pa dzuwa loswa mtengo ku Makhuwira, umangomva mkokomo, kenaka madzi ofiira afika ndi zitsa, nthochi ndi mbuzi zakufa. Pakapita maola angapo aphwa. Vuto lina n'lakuti mchenga wa pansi susunga malo. Pamene unadutsa dzulo madzi ali m'mawondo, lero pakhoza kukhala dzenje lomeza thayala lonse.

N'chifukwa chake katundu wa dalaivala wa nthawi imeneyo anali wamitundu iwiri. Kunali chiguduli, girizi, golovesi ya labala, chingwe, fosholo ndi ndodo yaitali. Kunalinso kathumba ka ufa, kapoto ndi milamba yowamba. Munthu wonyamula ufa anali atavomereza kale mumtima kuti mwina agona pa mtsinje, ndipo ndikukhulupirira kuti kapoto kameneko kanapulumutsa anthu ambiri kuposa chingwe.

Akafika pa mtsinje, choyamba ankazimitsa injini n'kukhala pansi. Sikunali kupuma chabe. Difu yotentha ikalowa m'madzi ozizira, mpweya wa mkati umakhwinyata n'kukoka madzi kudzera m'kabowo kopumira kapena m'masilo. Podikira kuti zitsulo zizizire, ankazika kamtengo m'mphepete mwa madzi kuti aone ngati akukwera kapena akutsika, ndipo ankapita kukalonjera eni mudzi. Safunsa anadya phula: amayi otunga madzi pamenepo amadziwa pamene pali mwala ndi pamene mchenga umameza. Kenaka ankavula nsapato, kupinda buluku n'kuwoloka wapansi ndi ndodo, kupita motsata pamene padutse thayala la kumanja, pobwera motsata la kumanzere. Lamulo lake linali limodzi, ndipo mdala uja ankalibwereza mpaka kutitopetsa: ngati madzi akukugwetsa iwe woyenda ndi miyendo, galimoto isalowemo.

Zikatheka, ndiye pankabwera ntchito yathu ya masipanala. Injini za petulo zinkazima ndi dontho limodzi lolowa mu disitibyuta, choncho tinkaiveka golovesi ya labala, mawaya a mapulagi ndi wa koyilo n'kutulukira m'zala zake zisanu, kenaka n'kupaka girizi. Fanibeluti tinkaimasula, chifukwa fani ikamenya madzi imawaza injini yonse, mwinanso mapiko ake amapindika n'kuboola rediyeta. Chiguduli tinkachimanga kutsogolo kuti chizikankha madzi. Kabawuti kaja kankalowa m'malo mwake. Dalaivala ankakokera kumbuyo kandodo kofiira kuti alowe m'magiya amphamvu, kuika giya yachiwiri, n'kulowa pang'onopang'ono mpaka kutsogolo kwa galimoto kutapanga kafunde, ndipo ankalondola kafundeko osathamanga, osaima, osaponda kilatchi. Akatuluka ankayenda kamtunda phazi lili pa mabuleki kuti aume. Madzulo ake ife tinkatsegula madifu ndi giyabokosi, ndipo oyilo akatuluka wooneka ngati tiyi wamkaka tinkadziwa kuti madzi alowa, yense atayidwe.

Land Rover ya dizilo inayamba mu 1957, ndipo anthu anasangalala kuti za golovesi zatha, poti dizilo alibe mapulagi oyatsa moto. Chimene ambiri anachedwa kumvetsa n'chakuti injini ya dizilo imapanikiza mpweya kwambiri, ndipo madzi sapanikizika. Kapu imodzi yokha ikalowa kudzera kopumira injini, pisitoni imagunda madziwo ndipo konirodi imapindika pomwepo. Ya petulo ikazima m'madzi kawirikawiri umaumitsa mawaya n'kupitiriza ulendo. Ya dizilo ikamwa madzi ndi nkhani ya injini ina. Ndipo choipitsitsa chimene munthu angachite galimoto ikazima pakati pa mtsinje ndicho kuilizanso.

Toyota inayamba kupanga galimoto ya mtundu umenewu mu 1951, n'kuitcha Land Cruiser mu 1954, koma imene inalanda ufumu kuno ndi ya mtundu wa 70, yotuluka mu 1984, makamaka itapatsidwa injini ya 1HZ mu 1990. Ndiyo ambulansi ya zipatala zathu, ndiyo ya mabungwe othandiza. Zambiri zimabwera ndi chipaipi chakuda chokwera m'mbali mwa galasi lakutsogolo, chimene amati sinoko. Anyamata akachiona amayesa kuti apatsidwa bwato. Chonsecho chipaipi chochokera ku fakitale ntchito yake yaikulu ndi kukoka mpweya wopanda fumbi, ndipo molumikizira mwake simukhala motsekeka kotheratu pokhapokha wina atamata. Opanga okha amalemba malire: pafupifupi masentimita 70 kwa Land Cruiser imeneyi, 50 kwa Defender yakale, ndipo amanena madzi odikha. Madzi othamanga ndi nkhani ina. Madzi odzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse amalemera tani yathunthu, ndipo othamanga ozama masentimita 60 okha amatha kunyamula galimoto yaikulu. Injini ikhoza kumapuma bwinobwino kudzera mu sinoko pamene matayala aleka kale kugunda pansi.

Pa madoko ambiri pali anyamata amene ntchito yawo nthawi ya dzinja ndi kuwolotsa anthu, njinga ndi njinga zamoto, komanso kutsogolera galimoto. Pali mphekesera yakale yoti ena amakumba dala maenje kuti apeze ya kukankha. Kaya zimachitika kwina, koma amene ndagwirapo nawo ntchito amadziwa mtsinje wawo kuposa dalaivala aliyense wochokera ku Blantyre, ndipo ndalama imene amapempha ndi yochepa poyerekeza ndi mtengo wa konirodi.

Zaka zapitazi zaonetsa poyera pamene fowilo imalekezera. Madzi atakokolola njanji ndi msewu pakati pa Bangula ndi Chiromo mu 1997, pa Mtayamoyo panatsala mabwato basi. Mu January 2015 Ruo anasiya njira yake, Makhanga inasanduka chilumba, ndipo anthu anapulumutsidwa ndi maboti ndi ndege za helikopita. Namondwe Ana mu January 2022 anadula msewu wa M1 ku Chikwawa n'kuwononga damu la magetsi ku Kapichira, ndipo Freddy mu March 2023 anachita zoposa pamenepo. Pa masiku ngati amenewo palibe girizi kapena chiguduli chimene chingathandize.

Chimene chasintha kwambiri pa ntchitoyi, mmene ndikuonera, si galimoto koma foni. Dalaivala wakale akafika pa Livunzu wodzaza, mwini chiganizo anali iyeyo, ndipo bwana wa ku ofesi ankamva za kuchedwako mawa lake. Lero foni imalira ali m'mphepete mwa madzi, wina ali pa mpando wouma ku Lilongwe akufunsa chifukwa chake galimoto ya mamiliyoni ikuopa kamtsinje. Kumbuyo kwakhala mabwana othamangira msonkhano, nawonso akuyang'ana wotchi. Mnyamata amene akuopa kuchotsedwa ntchito amalowa.

Inu amene mumatuma madalaivala ku Chigwa nthawi ya dzinja, muwagulire nsapato za jombo ndi chingwe cholimba, muwatumize kwa amakaniko akatalikitse timapaipi topumira madifu, ndipo mulembe m'malamulo a ntchito kuti dalaivala akanena kuti tidikire, palibe wamkulu m'galimotomo kapena pa foni amene angamutsutse.