Kodi Gitala Yolira Ngati Munthu Ija Inachokera Kuti?

FUNSO: Ndimakonda nyimbo zakale za ku America. M'nyimbo za Neil Young zotchedwa Old Man ndi Heart of Gold mumamveka chida china chosisima kumbuyo kwa mawu ake. Mnzanga akuti ndi vayolini, ine ndikuti ndi gitala. Wolondola ndani? Wowerenga wathu, Zomba.

YANKHO: Mwalasa ndinu, koma mnzanuyo musamuseke. Chidacho ndi gitala ndithu, eni ake amaitcha pedal steel, ngakhale kuti mutaiona simungaizindikire. Ilibe mimba, siikolekedwa paphewa. Ndi katebulo ka miyendo inayi, pamwamba pake atakungapo nsambo khumi, ndipo woyimba amakhala pampando ngati telala wa pakhonde amene ali pa makina opalasa. Dzanja lamanzere limagwira kachitsulo kobulungira, kosalala, kotalika ngati chala, n'kumakatsetsereza pa nsambozo. Dzina loti steel linachokera pa kachitsulo kameneka. Dzanja lamanja limakodola nsambo ndi tizikhadabo tovala kuchala chachikulu ndi zala ziwiri. Phazi lamanzere limaponda zopondera, kawirikawiri zitatu, zimene zimakoka nsambo zina kuti zikwere mawu. Mawondo amakankha tizitsulo tolendewera pansi pa tebulo. Phazi lamanja limakweza ndi kutsitsa mawu.

Phazi lamanjali ndi limene lasokoneza mnzanuyo. Woyimba amakodola nsambo mawu ali pansi, kenako n'kuwakweza pang'onopang'ono. Kulira koyamba kwa nsambo, kuja timamva pa gitala wamba, kumabisika, ndiye mawu amangotulukira ngati akuchokera patali, monga momwe amachitira vayolini.

FUNSO: Nanga inayambira kuti? Ku Nashville, kwa eni nyimbo za country?

YANKHO: Ayi, kholo lake linabadwira pa zilumba za Hawaii. Mbiri imatchula Joseph Kekuku, yemwe anabadwa mu 1874 ku Laie, pa chilumba cha Oahu. Cha m'ma 1889, ali mwana wasukulu, anagoneka gitala pamiyendo n'kuyamba kutsetsereza chinthu cholimba pa nsambo m'malo mozikanikiza ndi zala. Ena amati linali bawuti limene anatola panjanji, ena amati chipeso, ena mpeni. Pomaliza anadzipangira kachitsulo kakekake, ndipo kayimbidweko kanafalikira pazilumba zonse. Chionetsero chachikulu cha ku San Francisco cha mu 1915 chinapangitsa kuti anthu a ku America atengeke ndi nyimbo za ku Hawaii.

Vuto linali mawu. Gitala yogoneka inkamira pakati pa malipenga ndi ng'oma. Mu 1932 inayamba kugulitsidwa gitala yamagetsi imene anapanga George Beauchamp, yodziwika ndi dzina la Rickenbacker. Inali ndi kamimba kozungulira ndi khosi lalitali, mpaka anthu anaipatsa dzina loti Frying Pan, kutanthauza chiwaya. Gitala yamagetsi yoyamba kuyenda malonda pamsika inali imeneyi, yogoneka pamiyendo. Pofika 1935, Bob Dunn wa gulu la Milton Brown la ku Texas anali atajambula nyimbo ndi gitala yamagetsi yotsetsereza, ndipo oyimba country anaitenga n'kuiyesa yawo.

FUNSO: Ngati kachitsulo kankagwira ntchito, zopondera zinabweranji?

YANKHO: Kachitsulo ndi kowongoka, sikapindika ngati zala. Mukakaika pa nsambo, zonse zimakwera kapena kutsika limodzi. Mawu amene mungaphatikize amakhala ochepa, malinga ndi momwe mwachunira gitalayo. Poyamba oyimba anathana nazo powonjezera makosi: awiri, atatu, ena mpaka anayi, lililonse lochunidwa mwanjira yake. Chidacho chinasanduka katundu wolemera. Amisiri anaganiza zoika zopondera kuti khosi limodzi lizisintha machunidwe. Paul Bigsby wa ku California anapangira Speedy West gitala yotere mu 1948. Koma zoponderazo ankazigwiritsa ntchito ngati magiya a galimoto: kuponda kaye, kenako n'kuyimba.

Amene anasintha zinthu ndi Bud Isaacs. Chakumapeto kwa 1953, pojambula nyimbo ya Webb Pierce yotchedwa Slowly, iye anaponda chopondera nsambo zili mkati molira. Nsambo zina zinakwera, ina inatsalira pomwe inali, ndipo makutu a anthu anamva mawu akuyenda kuchoka pamalo ena kupita pamalo ena popanda kuduka. Nyimboyo inakhala pa nambala wani pa mndandanda wa nyimbo za country kwa masabata 17 mu 1954. Oyimba ena anathamangira kwa amisiri kuti awaikire zopondera pa magitala awo akale. Mu 1956 Buddy Emmons anagawa ntchito ya chopondera cha Isaacs pa zopondera ziwiri, kuti nsambo iliyonse izitha kukwera payokha, ndipo mothandizana ndi Shot Jackson anayambitsa kampani ya Sho-Bud yopanga magitala amenewa.

Kulira kumene mukumva kumachokera pamenepa. Munthu akamalira maliro sadumpha kuchoka pa liwu lina kupita pa lina ngati piyano. Amakoka mawu, n'kudutsa monse mwapakati. Gitala iyi imachita chimodzimodzi, koma ndi mawu awiri kapena atatu nthawi imodzi, ena akusuntha ena atangoima.

FUNSO: Neil Young ndi woyimba rock. Chida cha country chinalowa bwanji m'nyimbo zake?

YANKHO: Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, achinyamata a rock anayamba kutembenukira ku Nashville. Gulu la The Byrds linatulutsa chimbale cha Sweetheart of the Rodeo mu 1968, momwe Lloyd Green ndi JayDee Maness analiza chidachi. Chaka chotsatira Pete Drake anachiliza m'nyimbo ya Bob Dylan ya Lay Lady Lay. Chakumapeto kwa 1969 Jerry Garcia wa gulu la Grateful Dead, yemwe anali atangochiphunzira kumene, anachiyimba mu Teach Your Children ya Crosby, Stills, Nash & Young. Chinaolokanso nyanja: mu Tiny Dancer ya Elton John ya mu 1971, amene akusisimitsa gitala ndi B.J. Cole wa ku England.

Neil Young anafika ku Nashville mu February 1971 kudzaonekera pa pulogalamu ya pa wailesi yakanema ya Johnny Cash. Elliot Mazer, wojambula nyimbo, anamuitanira ku situdiyo yake n'kusonkhanitsa oyimba mwachangu. Wa pedal steel amene anapezeka anali Ben Keith, yemwe zaka khumi m'mbuyomo anayimba nawo mu I Fall to Pieces ya Patsy Cline. Old Man ndi Heart of Gold zinajambulidwa masiku omwewo, James Taylor ndi Linda Ronstadt akuthandizira mawu. Chimbale cha Harvest chinatuluka mu 1972, ndipo Heart of Gold inafika pa nambala wani ku America, nyimbo yokhayo ya Young imene inafikapo pamenepo. Young ndi Keith, amene anakumana mwangozi chonchi, anayimba limodzi kufikira pomwe Keith anamwalira mu 2010.

FUNSO: Ndingamvetsere bwanji kuti ndichimve kukoma kwake?

YANKHO: Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ikaninso Old Man, ndipo ulendo uno musatsate woyimba. M'ndime mudzamva gitala wamba ikutsogolera. Nyimbo ikamafika pa kolasi, banjo ya James Taylor imalowa ndi mawu odukaduka, ndipo pamwamba pake Keith amayala mawu aatali osaduka. Tcherani khutu pomwe Young akupuma mpweya, chifukwa mpata umenewo ndi umene gitala imayankhirapo, monga amachitira ovomera nyimbo wotsogolera akaitsitsa. Keith sankathamanga ndi zala. Liwu limodzi ankalikoka mpaka litatha lokha. Luso la chidachi m'nyimbo zodekha lagona pa kudziwa pokhala chete.

FUNSO: Kodi kwathu kuno tili nacho chofanana nacho?

YANKHO: Tili ndi m'bale wake. Nyimbo za ku Hawaii zinafika kuno kudzera m'magalamafoni, ndipo m'zaka za m'ma 1950 oyimba gitala a ku Malawi anali ndi kayimbidwe kotchedwa hauyani, dzina lochokera ku Hawaii komweko. Ankatsetsereza botolo pa nsambo, ndipo Ndiche Mwarare ndi mmodzi mwa amene amakumbukiridwa nako. Lero Gasper Nali wa ku Nkhata Bay amagunda waya wa babatoni ndi kamtengo uku akusintha mawu ndi botolo. Ku Nigeria, Demola Adepoju analowetsa pedal steel yeniyeniyo m'gulu la King Sunny Adé, ndipo imamveka bwino pa chimbale cha Juju Music cha mu 1982. Ngati munakula mukumvera Don Williams pa wailesi, Lloyd Green uja anayimba ndi The Byrds munamumva kale osamudziwa dzina, popeza anayimba nawo m'nyimbo zake zambiri.

Itanani mnzanuyo, mugoneke gitala pamiyendo, mutenge botolo losalala la chakumwa n'kulitsetsereza pa nsambo. Mudzamva zomwe Kekuku anamva. Kenako yesani kukweza nsambo imodzi yokha zinzake zitangokhala pomwepo. Botolo lidzakana, ndipo pamenepo mudzadziwa ntchito imene mapazi ndi mawondo a Ben Keith ankagwira pansi pa tebulo.