Madzi Ochokera Pansi: Mbiri ya Pansi pa Nyumba ku Dedza

Kamuzu Banda ankakonda kunena pamisonkhano kuti munthu amafunika zinthu zitatu, chakudya chokwanira, zovala zabwino ndi nyumba yosadontha. Mawuwo anatilowerera, moti mpaka lero ubwino wa nyumba timauona poyang'ana kumwamba. Ngakhale ndondomeko ya boma ya malata ndi simenti zotsika mtengo, imene inabwera Peter Mutharika atalowa m'boma mu 2014, ambiri ankangoti ndi ya malata. Koma kumapiri a Dedza, kumene tawuni ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 ndipo nsonga ya phiri imafika mamita 2,198, madzi amene amadya nyumba mwakachetechete sadzera kudenga kokha. Mvula ikagwa kuphiri madzi amatsetsereka, amalowa m'nthaka, n'kumakwera m'maziko kuyambira Disembala mpaka Epulo. Ikatha mvula kumabwera nkhungu ndi kuzizira kwa Juni ndi Julayi, nyumba osauma msanga. Mbiri ya pansi pa nyumba kuderali ndi mbiri ya mmene anthu akhala akuchitira ndi madzi ochokera pansiwa, ndipo matabwa a pulasitiki amene afika m'masitolo a zomangira masiku ano, amene ogulitsa amati salowa madzi, tiyenera kuwaweruza ndi mbiri imeneyi.

Kwa zaka mazanamazana pansi pa nyumba ya Mchewa panali pozira. Amuna ankaimika mitengo kapena kudinda khoma la mdindo n'kufolera, koma pansi inali ntchito ya amayi, ndipo siinali ntchito yongochita chisawawa. Poyamba ankathira dothi m'kati mpaka pakwere kuposa pabwalo, n'kulitsendera ndi mtengo lili lonyowa pang'ono. Kenako mayi ankapita kudambo kapena pachulu kukakumba tsiro, dothi losalala lopanda miyala, lakuda kapena lotuwa monga mwa malo ake. Ankalisungunula m'phale, kugwada kuchipinda kwenikweni, n'kumazira ndi chikhatho akubwerera chafutambuyo mpaka kutulukira pakhomo, mizere ya zala ikutsalira ngati mauta. Likayamba kuuma ankalikulungiza ndi nkhulungo, kamwala kosalala kakumtsinje komwe amasalazira mbiya, mpaka ming'alu yonse itatsekeka. Kumene kunali ng'ombe zambiri, makamaka pakati pa Angoni a Maseko amene anakhazikika chakuno m'zaka za m'ma 1800, ankasakaniza ndowe, zimene zimagwira dothi kuti lisafumbutuke. Kunja nyumba inkazunguliridwa ndi khonde lokwera, udzu wa denga n'kutsika mpaka kupitirira khondelo, kuti madzi agwe kutali ndi khoma. Kudziwa dothi kotereku n'kwakale kuno. M'mapanga a Chongoni, amene bungwe la UNESCO linawaika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, muli malo 127 a zojambula, ndipo zojambula zoyera za kumeneko Achewa anazijambula ndi dothi loyera.

Nzeru ya pansi pozira inali yakuti sipankalimbana ndi madzi ngati mdani woti asalowe m'pang'ono pomwe. Pankamwa chinyezi nthawi ya dzinja, moto wa m'nyumba n'kumachiumitsa, mpweya n'kumatuluka m'denga la udzu. Pakakumbika, mankhwala ake anali pafupi ndipo anali aulere: mtanga umodzi wa dothi ndi m'mawa umodzi wa ntchito. Pamene ndikuti aulere ndikunena za ndalama zokha, chifukwa mtengo wake unalipo ndithu, ndipo ankaulipira ndi maondo ndi msana wa amayi, sabata ndi sabata, komanso nthawi iliyonse kukamabwera alendo, chinkhoswe kapena Khirisimasi. Panalinso mtengo wina umene ankalipira ana. Matekenya anafika mu Africa kuchokera ku Brazil, atatsika ndi sitima ya pamadzi kugombe la Angola mu 1872, ndipo pofika m'ma 1890 anali atafalikira mpaka kuno. Malo amene amawakonda ndi fumbi louma la m'nyumba yosazira bwino. Nkhufi nazo zimabisala m'ming'alu ya dothi masana n'kumaluma usiku. Choncho aliyense wonena kuti makolo ankakhala mwamtendere pansi pozira ayenera kuonjezera kuti mtenderewo unkadalira kuti mayi asadwale ndiponso asatope.

Njerwa zootcha zinabwera ndi amishoni ndi atsamunda. A White Fathers anatsegula Mua mu 1902 kunsi kwa mapiri, kenako mishoni ya Bembeke inakhazikika pamwamba, a Dutch Reformed nawo anamanga ku Mphunzi. M'malo oterewa anyamata anaphunzira kuumba njerwa, kuyala maziko ndi kugwira chingwe cha mmisiri. Koma chimene chinafikitsa simenti m'mudzi si tchalitchi ayi, ndi ulendo. Amuna amene anapita ku Halale, ndi amene analembedwa ndi Wenela kupita kumigodi ya ku Joni, akabwera ndi kangachepe ankafuna kuti mudzi uone. Njinga, wailesi, malata, ndipo amene zinamuyendera kwambiri ankathira simenti pansi. Ulendo wa Wenela unaima mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, koma pofika nthawiyo chithunzi cha nyumba ya munthu wotsogola chinali chitakhazikika kale. Simenti inkapezekanso m'dziko momwe muno, miyala yake ikukumbidwa ku Changalume pafupi ndi Zomba, fakitale ya Portland ili ku Blantyre. Pansi pofiira, posakaniza simenti ndi ufa umene amisiri amati red oxide, popakidwa polishi wa Cobra kapena Sunbeam mpaka kumaonekera nkhope, panakhala chizindikiro cha nyumba ya aphunzitsi, alangizi ndi akalaliki a pa boma.

Apa mpamene nkhani ya madzi inasinthira. Simenti imaoneka ngati mwala, koma ili ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo madzi a m'nthaka amakwera m'timabowomo. Amisiri ophunzira amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amayamba ndi miyala yoswa, kenako mchenga, n'kuyala pepala lakuda la pulasitiki lochindikala, konkire n'kubwera pamwamba pake. Koma thumba la simenti silinakhalepo lotsika mtengo kwa mlimi wa kachewere wa ku Bembeke kapena wa nyemba wa kwa Kaphuka, ndiye zimene zachitika m'nyumba zambiri ndi kungopaka simenti yopyapyala pamwamba pa dothi kapena pa zidutswa za njerwa, mchenga wambiri, simenti pang'ono. Pakapita dzinja ziwiri zitatu pansi pamayamba kulira ngati ng'oma ukapondapo, kenako pamang'aluka, m'munsi mwa khoma mukutuluka zoyera ngati mchere, penti akusupuka. Mayi amene akanatha kukonza dothi ndi manja ake tsopano sangachite kanthu, ayenera kudikira ndalama ya thumba ndi ya mmisiri. Ndipo kugwada sikunathe, kunangosintha dzina, kuchoka pa kuzira kupita pa kukolopa ndi kupaka polishi.

N'zodabwitsa kuti Dedza, boma lokhala ndi dongo ndi mitengo, silinapeze pansi pakepake. Ku Linthipe kuli dongo labwino loumbira ziwiya, ndipo Dedza Pottery, imene inayamba mu 1987, yaonetsa kuti dothi lakuno likhoza kuotchedwa n'kukhala makapu, mbale ndi matailosi okongola. Paphiri la Dedza ndi ku Chongoni boma linadzala paini wochuluka, kampani ya WICO inali ndi makina ochekera matabwa mtawuni, ndipo sukulu ya za nkhalango ili ku Chongoni komweko. Koma paini ndi wofewa, chiswe chimamukonda, ndipo kuti akhale pansi pa nyumba amafunika kumuyala m'mwamba pang'ono kuti mphepo izidutsa kunsi, zimene ndi ndalama zina. Nkhalangozo nazo zinachepa ndi moto ndi kudula. Matailosi amene anadzaza m'nyumba za mtawuni kuyambira m'ma 2000 anali ochokera kunja, opangidwa ambirimbiri pamakina ndiye otsika mtengo kuposa oumba pamanja. Amatsukika bwino, chinyezi sichiwaononga msanga, koma amene anapondapo m'mawa wa Julayi ku Dedza wopanda nsapato amadziwa chifukwa chake ena amayalanso mkeka pamwamba pa matailosi.

Pulasitiki woyala pansi si mlendo kwenikweni. Kholo lake ndi linoleum, imene Frederick Walton wa ku England anapanga m'ma 1860 pogwiritsa ntchito mafuta a mbewu ya linseed. Mu 1926 Waldo Semon wa ku America anapeza njira yofewetsera PVC, ndipo m'kupita kwa zaka pulasitikiyo analanda malo a linoleum. Kuno anafika ngati kapeti ya pulasitiki yogulitsa pa mita, yojambulidwa maluwa kapena timabokosi, imene mabanja ambiri amayala pa simenti yong'aluka ngakhalenso pa dothi lenileni. Aliyense amene anaivundukulapo kumapeto kwa dzinja amadziwa zimene zimapezeka kunsi: kunyowa, chuku chakuda, fungo la chinyontho ndi mphemvu. Kapetiyo sinalowe madzi, monga momwe wogulitsa ananenera. Inangowatsekera kunsi, pomwe kale akanauma ndi mphepo. Matabwa a pulasitiki atsopanowa ndi a m'banja lomwelo koma olimba. Ambiri amapangidwa ku China posakaniza PVC ndi ufa wa miyala ya laimu, amachindikala mamilimita 4 mpaka 6, pamwamba pali pepala lojambulidwa ngati mtengo lokutidwa ndi kachikopa koonekera kosakwana milimita imodzi, ndipo m'mbali amakolana okha popanda guluu. Thabwa lotere ukaliviika m'ndowa silifufuma. Koma silingaumitse silabu ya konkire imene yaikidwa popanda pepala lakuda lija kunsi, ndipo pansi pakakhala mabampu, mokolana muja mumathyoka.

Wina anganene kuti zonsezi ndi kulirira zakale, pamene umboni wa zaumoyo uli poyera. Ndipo ulidi poyera. Ku Mexico, boma la chigawo cha Coahuila linayamba mu 2000 kuthira konkire m'nyumba za anthu osauka pa ndondomeko yotchedwa Piso Firme, ndipo kafukufuku amene anatuluka mu 2009 anapeza kuti kumene dothi linachotsedwa m'nyumba yonse, njoka za m'mimba ndi tizilombo tina mwa ana zinatsika ndi 78 pa 100 aliwonse, kutsekula m'mimba ndi 49. Palibe chotsutsa pamenepo, ndipo palibe chifukwa choti mwana wa kwa Kasumbu azikwawa pa fumbi chifukwa choti agogo ake anakwawa pomwepo. Koma tione chimene chinapulumutsa ana a ku Coahuila. Sichinali chokongoletsa cha pamwamba, chinali silabu yolimba, yosakumbika, yotheka kukolopa. Ku Rwanda, bungwe la EarthEnable, limene linayamba mu 2014, likufuna phindu lomwelo ndi njira ina: kuyala miyala, kutsendera dothi ndi mchenga, n'kupaka mafuta amene amauma n'kulimba, pamtengo wotsika kuposa konkire. Njira imeneyo ndi m'bale wake wa tsiro ndi nkhulungo. Umboniwu ukugwirizana ndi zimene mbiri ya Dedza ikuonetsa, kuti thanzi la nyumba lili m'zimene zaikidwa kunsi.

Wina anganenenso kuti mwini malo ogona alendo, famase kapena ofesi m'mbali mwa msewu wa M1 alibe nthawi ya mbiri, akufuna pansi poyalika msanga, posazizira ngati matailosi, posavuta kukolopa matope a makasitomala. Ameneyu akunena zoona, ndipo pamalo ozizira ngati Dedza matabwawa ali ndi ubwino weniweni. Pa silabu youma, yosalala, yopatsidwa masabata okwanira kuti iume isanaphimbidwe, mmisiri n'kusiya kampata m'mphepete mwa khoma kuti matabwa azipeza potambasukira kukatentha, akhoza kutumikira zaka zambiri. Kungoti ali ndi malire amene wogula wakuno ayenera kuwadziwa. Mbaula imene imalowa m'nyumba nthawi yozizira ikagwetsa khala limodzi, chipsera chake n'chamuyaya, chifukwa thabwali silipalidwa ngati mtengo, silizirika ngati dothi. Zidutswa zake siziyenera kuponyedwa pamoto, utsi wa PVC ndi woipa m'chifuwa. Ndipo pofuna kusintha thabwa limodzi pakapita zaka zitatu, mtundu womwewo ukhoza kukhala utasowa, kapena mtengo utakwera, pakuti ndi katundu wogula ndi ndalama zakunja, ndipo kwacha inagwetsedwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 mu Novembala 2023.

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti pafupifupi mabanja atatu mwa anayi aliwonse m'Malawi ankakhala m'nyumba zimene pansi pake panali padothi. Ndiye kwa anthu ambiri a kwa Kachere, kwa Chauma kapena kwa Kamenyagwaza, funso la matabwa a pulasitiki silinafike, lomwe lilipo ndi la silabu yoyamba. Apa pali vuto limene nthawi ya tsiro kunalibe. Mayi wozira ankaona ntchito yake yonse ndi maso, ndipo akalakwitsa ankakonza sabata yotsatira. Silabu imathiridwa tsiku limodzi, kawirikawiri mwini nyumba ali kumunda kapena ali ku Joni akungotumiza ndalama pafoni, ndipo ikauma palibe angadziwe ngati miyala inatsenderedwa, ngati pepala lakuda linayalidwa lonse mpaka kukwera m'mbali mwa khoma, kapena ngati linang'ambika ndi wilibala. Pa ndalama zonse za nyumba, pepalalo ndi kanthu kochepa, ndipo n'chimodzi mwa zinthu zimene zimayamba kuchotsedwa pa mndandanda ndalama zikachepa, chifukwa mlendo sadzaliona.