Tikiti ya ku Magomero

Sabata ino ndati tikambeko za utsogoleri wa pantchito. Koma sindiyambira ku maphunziro aja a m'mahotela a kunyanja, kumene mabwana amapita masiku atatu n'kubwerako ndi setifiketi ndi alawansi. Ndikutengerani ku Magomero, kumalire a Chiradzulu ndi Zomba, zaka zoposa 100 zapitazo.

Za John Chilembwe mukuzidziwa. Nkhope yake ili pa ndalama, ndipo pa 15 January timakhala pa holide. Munthu amene sititchula kawirikawiri ndi manijala wa esiteti yoyandikana ndi mishoni yake ya PIM ku Mbombwe. Dzina lake linali William Jervis Livingstone, ndipo ankayang'anira minda ya A. L. Bruce Estates. Mmodzi mwa eni ake anali Alexander Livingstone Bruce, mdzukulu wa David Livingstone yemwe uja. Mwaonatu, bwana analipo pamwamba, manijala pakati, akapitawo pansi pake, kenako anthu wamba ogwira khasu. Kodi si mmene zilili kuntchito kwanu lero?

Ambiri mwa ogwira ntchito anali Alomwe ochokera ku Mozambique, othawa nkhanza za Apwitikizi. Analibe malo awoawo, choncho ankakhala pa esiteti polipira lendi ndi thukuta. Mgwirizano wake pakamwa unali wosavuta: mwezi umodzi ugwirire malo okhalapo, wina ugwirire msonkho wa boma. Dzina lake thangata. Tamverani liwulo bwinobwino. Kuthangata ndi kuthandiza, monga mmene anthu ankathandizirana kulima m'mudzi. Liwu labwinobwino, koma linaonongekera m'manja mwa oyang'anira ntchito.

Linaonongeka bwanji? Pa kawerengedwe ka masiku. Munthu ankapatsidwa mgwazo, ndipo tsiku linkalembedwa pa tikiti pokhapokha mgwazowo utatha. Wopereka mgwazo ndi yemweyo, wouyeza ndi yemweyo, wosunga buku ndi yemweyonso. Ukalephera kumaliza, tsiku lonse lapita padera. Miyezi iwiri ija inkatalika ngati mpira wa legeni, ndipo inkagwera nthawi ya dzinja, pamene munthu amafunika kupalira munda wake. Malipiro nthawi zina ankakhala fodya m'malo mwa ndalama. Chikoti chinalipo. Ngakhale amayi amasiye sankasiyidwa.

Apa ndipamene ndimafuna tiime pang'ono, chifukwa ife timathamangira kunena kuti Livingstone anali munthu woipa mtima, basi nkhani yatha. Waukali analidi, zimenezo mboni zinanena. Koma esitetiyo sinkapanga phindu lokwanira. Thonje silinkachita bwino monga eni ake ankayembekezera, ndipo ndalama zoyendetsera ntchito zinali zochepa. Bruce atabwera kudzayendetsa yekha zinthu, anapanikiza manijala wake kuti zokolola zichuluke popanda kuonjezera ndalama zolipira anthu. Manijala anapanikiza akapitawo, akapitawo anapanikiza a khasu. Aliyense ankangotsitsira pansi katundu amene wasenzetsedwa. Inu amene muli ndi udindo pakati, supavaizala kapena hedi wa dipatimenti, mukudziwa mmene zimawawira kupatsidwa chiwerengero chimene mukuona ndi maso kuti sichingatheke. Funso limakhala loti mubwerera kwa bwana kukamuuza zoona, kapena mukakalipira ana anu a ntchito. Livingstone anasankha kukalipira a pansi.

Cholakwa chachikulu, m'kuona kwanga, chinali kutseka njira zonse zodandaulira. Bruce sankafuna Afirika ophunzira pamalo ake. Analetsa sukulu ndi matchalitchi a PIM pa esiteti, ndipo timatchalitchi taudzu timene anthu anamanga tinatenthedwa. Taganizani, malo okhawo amene munthu akanakhala pansi ndi anzake n'kupepukidwa mtima ndi amene anayatsidwa moto. Madandaulo sanathe ayi. Anangosamukira ku Mbombwe, kumene kunali munthu wowamvetsera. Ndipo mwina ku ofesi ya esiteti ankaona ngati zonse zili bwino, poti palibe amene ankabwera kudzadandaula. Bwana aliyense amakonda bata lotere, osadziwa kuti anthu angosiya kulankhula naye.

Usiku wa Loweruka pa 23 January 1915, anthu a Chilembwe analowa m'nyumba ya Livingstone ku Magomero n'kumupha, mutu wake n'kupita nawo ku Mbombwe. Azungu enanso awiri ogwira ntchito pa esitetiyo anaphedwa usiku womwewo. Amayi ndi ana achizungu sanavulazidwe. Sindikunena kuti thangata yekha ndiye anayambitsa zonse. Panalinso nkhani ya Afirika otengedwa kukafera pa nkhondo ya azungu imene inayamba mu 1914, komanso kunyozedwa kwa anthu ophunzira. Koma dzifunseni chifukwa chake nyumba ya manijala ameneyu inali pakati pa malo oyamba kufikidwa. Chilembwe anaphedwa pa 3 February, tchalitchi chake chachikulu chinagumulidwa, ndipo omutsatira ambiri ananyongedwa kapena kuomberedwa.

Boma la atsamunda linakhazikitsa bungwe lofufuza, limene linatulutsa lipoti lake mu 1916. Linavomereza kuti anthu pa esiteti ya Bruce ankazunzidwa. Koma mlandu waukulu unagwera yani? Livingstone, munthu wakufa, wosatha kudziyankhira. Bruce, amene ankakhazikitsa malamulo a pamalopo, anapitiriza kuyendetsa minda yake. Izinso abale si zachilendo: zinthu zikaphulika, wapakati ndiye amasenza mlandu, wapamwamba n'kumati ine sindinkadziwa.

Wolemba mbiri Landeg White anatsatira nkhani ya malo amenewa m'buku lake lotchedwa Magomero, la mu 1987. Mukalipeza mu laibulale musalisiye. Thangata weniweniyo sanathe ndi lipoti lija. Anapitirirabe m'maesiteti ena mpaka mu 1962, pamene lamulo linamuthetsa, patatsala zaka ziwiri kuti dziko lilandire ufulu.