Mseu wa Dexter ku Montgomery

Mlendo wofuna kudziwa mbiri ya Montgomery, mzinda wa ku Alabama m'dziko la Amereka, asiye galimoto, ayende pansi. Mseu wa Dexter sukwana ndi mailo imodzi yomwe.

Kumunsi kwace kuli bwalo la Court Square, kumene kale anali kugulitsa akapolo ngati ng'ombe. Pamenepo Mai Rosa Parks, wosoka zobvala, anakwera basi pa 1 December 1955, namangidwa patsogolo pang'ono cifukwa cokana kusiyira mzungu mpando. Anthu akuda ananyanyala mabasi masiku 381. Ambiri anapita ku nchito pansi, pamvula ndi padzuwa, kufikira bwalo lalikulu la milandu linathetsa tsankho la m'mabasi mu 1956.

Pokwera mtunda mlendo apeza chalichi ca Baptist kumene Martin Luther King anali mbusa. Pamwamba penipeni pali nyumba ya boma, pamene Jefferson Davis, mtsogoleri wa madera osunga akapolo, analumbira mu 1861. Pomwepo panafika khamu locokera ku Selma, ulendo wa mamailo 54, pa 25 March 1965, kudzafuna ufulu wa kuponya voti. Lamulo lace linaturuka mu August caka comweco.

Woyenda pansi amva bwino mbiriyi, pakuti eni ace ufulu umenewu anaupeza ndi mapazi ao.