Mkango adaupha Linda, nyama adadya ena

Agogo anga aamuna adabwerako ku Joni ndi zinthu zitatu: chijasi chachitali, chifuwa chosamva mankhwala, ndi galamafoni yopukusa ndi dzanja. Mwa mbale zomwe zidapulumuka paulendowo mudali ina imene ankaiika Lamulungu lokha, akaweruka kutchalitchi. Amuna angapo ankang'ung'udza ndi mawu a besi ngati mabingu akutali, wina pamwamba pawo n'kumalira ndi kamawu kosalala ngati ka mkazi. Patapita zaka ndidaimva nyimbo yomweyo pawailesi, koma m'Chingerezi, ndipo ndidakangana ndi anzanga mpaka thovu kukamwa. Iwo ankati ndi ya Azungu. Ine ndinkati ndi ya agogo. Tonse tidaphonya, ngakhale ine ndidayandikirako.

Mwini wake adali Solomon Linda, Mzulu wa ku Natal yemwe adapita ku Johannesburg kukasaka ntchito. M'chaka cha 1939 iye ndi gulu lake la Evening Birds adajambula nyimboyi kukampani ya Gallo, n'kuitcha Mbube, kutanthauza mkango m'Chizulu. Chakumapeto kwenikweni kwa mbaleyo Linda adangoponyapo kanthetemya kena kamene kadamubwerera pomwepo, ndipo kamenekako ndi komwe dziko lonse limang'ung'udza lero. Malipiro ake akuti adali masheleni khumi, kuphatikizapo ntchito yolongedza mbale pakampani pomwepo. Tangoganizani, munthu kumalongedza mawu ake omwe m'makatoni! M'zaka khumi zotsatira mbale pafupifupi 100,000 zidagulidwa, mwakuti dzina loti mbube lidasanduka dzina la mayimbidwe onse a magulu a amuna otere.

Mbale imodzi idaoloka nyanja n'kukagwera m'manja mwa Alan Lomax, katswiri wotolera nyimbo ku America, yemwe adaipereka kwa mnzake Pete Seeger. Seeger Chizulu sankachidziwa. Mawu amene anyamata a Linda ankabwereza, makutu ake adawamva ngati Wimoweh, ndipo ndi dzina limeneli gulu lake la The Weavers lidatchuka nayo mu 1952. Pamalo polemba wopeka adalembapo Paul Campbell.

Paul Campbell ameneyu sadabadwepo. Lidali dzina longopeka lomwe ankagwiritsa ntchito potolera ndalama za nyimbo zomwe ankati ndi zamakolo, zopanda mwini. Apa ndi pomwe pamandiwawa ine. Nyimbo ikachokera ku Africa kuno anthu amafulumira kunena kuti ndi yachikhalidwe, ngati kuti idangomera yokha ngati bowa. Chonsecho wopekayo adali moyo, ali ndi dzina, mkazi ndi ana, akudzuka m'mamawa kupita kuntchito. Tisamunamizire Seeger, iye adatumizako madola 1,000 kwa Linda atadziwa za mwiniwakeyo, n'kupempha kuti gawo lake lizipita komweko. Koma mtsinje weniweni wa ndalama udali utalowera kale kwina.

Mu 1961 George David Weiss adaikamo mawu a Chingerezi, anyamata a ku New York otchedwa The Tokens n'kuijambula ngati The Lion Sleeps Tonight. Idakwera mpaka pa nambala wani ku America. Chaka chotsatira, 1962, Linda adamwalira ndi nthenda ya impso ali mmphawi, ndipo manda ake adakhala zaka 18 opanda chiliza.

Kuyambira apo aliyense ankangodula nthuli yake. Robert John adaiyimba mu 1972, a Tight Fit adafika nayo pa nambala wani ku Britain mu 1982, ndipo mu 1994 a Disney adaiika m'kanema wa ana uja The Lion King. Miriam Makeba yekha ndiye ndimamuchotsera chipewa, poti mu 1960 adaijambula ndi dzina lake lenileni la Mbube.

Nkhani idatembenuka m'chaka cha 2000 pomwe mtolankhani wa ku South Africa, Rian Malan, adalondola mapazi a nyimboyi n'kulemba zonse m'magazini ya Rolling Stone. Mwa kuwerengera kwake idali itapanga madola pafupifupi 15 miliyoni, ana aakazi a Linda akuvutika ku Soweto. Loya wina, Owen Dean, adakafukula lamulo lakale la Angerezi la 1911 lomwe linkati pakatha zaka 25 wopeka atamwalira, umwini uzibwerera kwa olowa m'malo ake. Lamulo la atsamunda omwewo, eti! Mlandu wosumira Disney udalowa m'khoti mu 2004, ndipo mu February 2006 kampani ya Abilene Music, yomwe inkasunga umwini wa nyimboyi, idavomera kulipira banjalo ndi kumutchula Linda ngati mmodzi mwa opeka. Kuchuluka kwa ndalamazo sadaulule. Mmodzi mwa ana aakazi aja adali atamwalira kale mu 2001.

Mbale ya agogo idasweka kalekale, mbuzi itagunda tebulo. Dzina la Solomon Linda lidalipo ndithu pa kapepala ka pakati paja, koma agogo sankadziwa kuwerenga, ndipo ife ana sankatilola n'kuikhudza komwe.