Ulalo wa Chongwe ndi msonkhano wa ku Dar es Salaam

Mu Novembala 1979, ulalo wa pa mtsinje wa Chongwe, pa mseu wa Great East Road, unagwetsedwa ndi mabomba. Anauphulitsa ndi asilikali a Zimbabwe Rhodesia, dziko limene panthawiyo linali ndi nduna yaikulu yachikuda, Bishopu Abel Muzorewa, koma mfuti ndi ndeke zikali m'manja mwa azungu. Sunali ulalo wathu wokha. Maulalo angapo pa miseu yolowa mu Lusaka anagwa m'masiku omwewo, ndipo mu Okutobala anali ataphulitsa kale ulalo wa njanji ya TAZARA ndi wa mseu pa Chambeshi. Analetsanso chimanga chochokela kum'mwela kuti chisalowe mu Zambia.

N'chifukwa chiyani anachita zimenezi pamene zokambilana za mtendele zinali mkati ku Lancaster House ku London kuyambila pa 10 Seputembala? Iwo anati afuna kutsekela njila asilikali a ZIPRA, a Joshua Nkomo, amene anali ndi misasa muno. Koma chinanso chinali chosabisika: kufinya a Kenneth Kaunda pakhosi, kuti iwonso afinye a Nkomo avomele zimene Lord Carrington anaika patebulo.

Pa 20 Novembala a Kaunda analengeza kuti dziko likhale chile kukonzekela nkhondo. Asilikali amene anali patchuthi anaitanidwa, pamodzi ndi achinyamata amene anaphunzilapo mfuti ku Zambia National Service. Mu Lusaka anthu anakachita chionetselo ku ofesi ya kazembe wa Britain. Pa 23 Novembala, bungwe la chitetezo la United Nations linadzudzula kuukilako m'chigamulo nambala 455, ndipo linati Zambia ilipilidwe pa zimene zinaonongeka.

Nanga anzathu? Zambia inali m'gwilizano wa Frontline States pamodzi ndi Tanzania, Mozambique, Botswana ndi Angola, wapampando ali a Julius Nyerere. Kumapeto kwa sabata lomwelo, a Nkomo ndi a Robert Mugabe anachoka ku London mofulumila kupita ku Dar es Salaam ku msonkhano wadzidzidzi wa gwilizanoli. Tikamva mau akuti gwilizano masiku ano timaganiza za NATO, kumene kuputa mmodzi ndi kuputa onse. Wathu sunali wotelo. Unalibe gulu limodzi la asilikali, ndipo aliyense anali ndi moto wake pakhomo: Mozambique inali kuphulitsidwa ndi adani omwewo, Angola inali kulimbana ndi South Africa, Tanzania inali itangochoka m'nkhondo yochotsa Idi Amin ku Uganda. Ku Dar es Salaam sikunachoke asilikali obwela kudzalonda mtsinje wa Chongwe. Nkhani yaikulu inali ya kuleka kuombelana: omenyela ufulu adzasonkhana kuti, ndipo adzawateteza ndani akatuluka m'thengo.

Ena anganene kuti anatisiya tokha. Ife sitiona choncho kwenikweni, ngakhale kuti kwa mlimi wa kwa a Nkomeshya amene njila yake ya ku Lusaka inadulidwa mvula itayamba, mau a pamsonkhano sanali kuolotsa thumba la feteleza. Atsogoleliwo anadziwa kuti maiko awo atopa, ndipo mphamvu imene anali nayo inali pa a Nkomo ndi a Mugabe, amene asilikali awo anali kudya ndi kugona m'maiko awo. Anaigwilitsa nchito. A Samora Machel makamaka anaumiliza a Mugabe kuti asachoke patebulo. Pangano linasainidwa pa 21 Disembala 1979, ndipo Zimbabwe inalandila ufulu pa 18 Epulo 1980.

Yankho la maulalo linabwela mochedwako. Pa 1 Epulo 1980 maiko asanu ndi anayi anakumana mu Lusaka ndi kukhazikitsa SADCC, kholo la SADC ya lelo, ndipo nkhani imene anaika patsogolo inali ya miseu, njanji ndi madoko. Pa msonkhanowo panalinso Malawi, amene sanali mu Frontline States, kumene mseu wathu wodutsa pa Chongwe umakathela ukapitilila Chipata.