Wailesi ya Safuliya, Agogo a Kasipika

Mu 1949 kampani ya Ever Ready ya ku Britain inayamba kutumiza ku Northern Rhodesia wailesi yochipa yochedwa Saucepan Special. Thupi lake linali safuliya yopanda cogwilila, yopakidwa utoto wabuluu. Anaipempha ndi Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma la atsamunda, pofuna kuti anthu akuda azimvela siteshoni ya ku Lusaka, kumene Alick Nkhata anachukila.

Wailesiyo inali mapaundi 5, batili mashiling'i 25, ndipo linali kutha pakapita maola pafupifupi 300. Kumadela opanda magetsi monga midzi ya Petauke ndi Nyimba, batili likatha nyumba inali zii mpaka ndalama yogulila lina itapezeka.

Lelo acinyamata pamsika wa Petauke amasankha tumasipika twa Bluetooth potengeka ndi tumalaiti ndi kugunda kwa besi. Koma mu 2024, madzi atacepa ku Kariba, ZESCO inali kuzimitsa magetsi maola ambili patsiku, ndipo funso la agogo linabwelanso: batili likhala maola angati? Funsani limenelo musanatulutse ndalama m'thumba.